Mafuta a Ulendo Umodzi

Chaka chimene ndinasiya chiwongolero sindichikumbuka bwino. Ndimangokumbuka kuti kunkatentha, ndiponso kuti miyendo yanga inali yoonda ngati ya munthu wogonekedwa m'chipatala, chifukwa kwa zaka zambiri inalibe ntchito ina koma kuponda moto ndi buleki.

Ndinali dalaivala wa banja lina m'tauni ya mapiri. Abwana ankakhala kunja kwa dziko nthawi zambiri, choncho amene ndinkawayendetsa anali adona. Sanali munthu woipa ayi. Kungoti phazi lawo silinkalidziwa dothi la kunja kwa geti. Golosale inali pafupi moti munthu ataima pakhonde ankatha kuwerenga zolembedwa pakhoma lake, komabe mchere ukatha ankandiitana: "Adalaivala, tulutsani galimoto." Ndinkatulutsa. Tikafika iwo ankalowa mkati, ine n'kutsala panja injini ikulira, chifukwa sankafuna kupeza m'galimoto mutatentha. Patsiku tinkatha kutuluka kasanu: buledi, mchere, tsitsi, mnzawo wa nyumba yachitatu, buledi wina.

Mkazi wanga, Nankhoma, ankawotcha chimanga padepoti. Malo ake anali kuseri kwa mzere wa maminibasi, pamene amaima injini zikulira podikira kuti adzaze. Utsi wa mbaula unkamufikira kumaso, wa magalimoto n'kumufikira kumsana. Akamina madzulo, m'kansalu munkatsala zakuda. Anayamba ndi kutsokomola kwa m'mawa, kenaka chifuwa chake chinayamba kulira ngati mwana wa mphaka. Adokotala atamupima anafunsa kumene amagwira ntchito, ndipo atamva anapukusa mutu.

"Mayi, mapapo anu atopa ndi utsi. Muchokepo pamenepo."

"Ndipite kuti?" anatero Nankhoma. "Ogula ali pomwepo."

Anachokapo mochedwa. Tinakamuika kwawo mvula isanayambe.

Maliro atatha ndinabwerera kuntchito, chifukwa sindinkadziwa china chochita. M'mawa wina ndinali pagolosale paja, adona ali mkati, injini ikulira. Nditayang'ana pagalasi loonera kumbuyo ndinaona mayi wina atakhala pansi ndi lichero la nthochi, pafupi penipeni ndi paipi yotulutsa utsi. Anali atatseka mphuno ndi nsonga ya chitenje. Sanadandaule, sanasunthe. Ankangodikira kuti tichoke, ngati mmene munthu amadikirira mvula kuti ikate.

Ndinazimitsa injini n'kutuluka. Adona atabwera ndi kajumbo ka shuga ndinawapatsa makiyi ndi manja awiri.

"Nanga ichi n'chiyani?"

"Ndasiya, adona."

"Ndiye ine ndikafika bwanji kunyumba?"

Ndinawalozera denga la nyumba yawo. Analiyang'ana ngati akuliona koyamba. Ine ndinatembenuka n'kuyamba kuyenda, ndipo kunena zoona sindinaime kwenikweni kwa zaka zambiri.

Masiku oyamba mapazi anatupa. Pamtsetse, phazi lakumanja linkafunafuna buleki m'fumbi. Ndikamva hutala kumbuyo, maso ankathamangira pagalasi limene panalibe. Midzi inkabwera n'kupita. Ina inkafanana moti ndinkaganiza kuti ndazungulira, koma anthu ake ankakhala ena. Paliponse pamene panali depoti panali mayi wowotcha chimanga mkati mwa utsi, ndipo ine ndinkadutsa kutsidya lina la msewu.

Ndinafika m'tauni ya fumbi nsapato zitayasama. Pakhonde la sitolo yotsekedwa ndinapeza wosoka nsapato, mkulu wamfupi wa kachipewa koyera, dzina lawo Che Makwinja. Anatenga nsapato yanga, naitembenuza, nayang'ananso mapazi anga.

"Achimwene, inu munali dalaivala."

"Mwadziwa bwanji?"

"Chidendene cha kumanja chadyeka kumbuyo, pamene chimatsamira pansi m'galimoto. Nsapato n'zakale, koma matuza ndi atsopano. Mwayamba kuyenda mutakula."

Ndinakhala nawo mvula ziwiri, kapena zitatu. Anandiphunzitsa kupanga nsapato za matayala otha. Munthu ankaponda pakatoni, ife n'kuzunguliza phazi ndi choko, kenaka n'kudula tayala ndi mpeni woviika m'madzi kuti usakakamire mumphira. Malamba tinkadula kuchubu. Zala zinachekeka mpaka zinalimba.

"Tayala ili galimoto yalikana, ikuti latha," ankatero Che Makwinja akulisisita ngati ng'ombe. "Koma pansi pa munthu liyenda zaka zisanu. Munthu sadya msewu ngati galimoto."

Anandiphunzitsanso kuwerenga nsapato. Ya namwino imatha kuzala, chifukwa amathamanga mosafuna kudzutsa odwala. Ya wogulitsa makala imatha mbali imodzi, mbali imene amakankhira njinga. Ya munthu amene wagula galimoto siitha n'komwe. Imangobwera kudzapakidwa polishi, ndipo chaka chilichonse mwini wake amabwera akupuma wefuwefu kuposa chaka chatha.

Kenaka sitolo ija inagulidwa. Eni ake atsopano anagwetsa khonde, nakumba maenje aakulu, ndipo pamene tinkakhala panamangidwa malo omwetsera mafuta. Che Makwinja anamanga zipangizo zawo m'thumba nati akubwerera kwawo kukalima mpunga. Anandisiyira nsapato zimene anandidulira okha. Tinasiyana pamphambano, iwo kumanzere, ine kumanja.

Ndisanapite patali lole inaima pambali panga. Dalaivala anasuzumira pawindo.

"Kwerani, akulu, tikusiyeni kutsogoloko."

"Zikomo, ndafika kale," ndinanama. Anayang'ana tchire lokhalokha kumbali zonse, naseka, napita.

Mudzi umene ndinakhalamo pambuyo pake unali m'mphepete mwa mtsinje wouma. Njira yochokera m'mudzimo kupita kuchigayo inali yoyera mbuu, yopanda ngakhale chitsamba. Sinali yaitali, koma masana munthu ankafika mutu ukugunda, choncho ngakhale wonyamula kathumba kakang'ono ankaitana njinga yamoto. Tsiku lonse njirayo inkalira, fumbi ndi utsi zili tolotolo.

Kumeneko ndinakumana ndi Nagama, mayi wamasiye wamtali, amene anali ndi nazale ya mitengo kuseri kwa nyumba yake. Ndinamupeza akukumba dzenje m'mbali mwa njira yekhayekha, ndipo ndinamulandira khasu popanda kufunsa.

"Mitengoyi ndi ya ndani?" ndinafunsa dzenje litatha.

"Ya aliyense wodutsa pano," anatero. "Anthu sakana kuyenda, bambo. Amakana dzuwa."

Anandiphunzitsa kusakaniza dothi ndi manyowa, kudzaza machubu, ndi kuviika njere za kesha m'madzi ofunda kuti zimere msanga. Madzi tinkatunga m'chitsime chimene tinakumba mumchenga wa mtsinje, ndowa ziwiriziwiri, m'mawa ndi madzulo. Mbuzi zinkadya mbande, ife n'kutchinga ndi minga. Chiswe chinkadula mizu, ife n'kuthira phulusa. Anthu ankatiseka akudutsa panjinga zamoto. Ena ankandiyesa mwamuna wa Nagama, ena wamisala wake.

Mitengo inatifika m'chiuno, kenaka m'mapewa, kenaka chaka china tinangozindikira kuti tikuyenda mumthunzi. Amayi anayamba kupita kuchigayo wapansi, matumba pamutu, akucheza. Okalamba ankapumula pansi pa mango. Njira inakhala chete moti munthu ankamva njiwa.

Tsiku lina kunabwera anthu a zipewa zachikasu ndi chitini cha penti yofiira. Anati njirayo ikukuzidwa kuti ikhale msewu woti malole azidutsana bwino. Mtengo uliwonse anaulemba chizindikiro, ndipo sabata yotsatira makina anaigwetsa yonse m'masiku awiri.

Ndinapeza Nagama atagwada pakati pa nthambi zakugwa, akuthyola zikhokhombe za kesha n'kumaziika m'chitenje.

"Simukulira?" ndinamufunsa.

"Ndilira mawa. Lero njere zikutayika."

Anati ayambiranso, ulendo uno cha patali ndi msewu, m'kanjira kodutsa m'minda. Ndinamuthandiza kudzaza machubu oyamba, koma mtima wobzalanso ine ndinalibe. Iye anaona, ndipo sanandikakamize. Anandiperekeza mpaka pamtsinje, nabwerera ndowa ili pamutu.

Pamsewu watsopano uja galimoto yaing'ono inaima.

"Kwerani, madala, tikusiyeni kutsogoloko."

"Kumene ndikupita sindikukudziwa," ndinatero. "Ndiye mukandisiya pati?"

Anakweza galasi n'kupita.

Ndinadutsa malo ambiri amene mayina ake ndinaiwala. Kwina ndinapota zingwe, kwina ndinasenza madengu a anthu kuchokera kumsika. Imvi zinayamba. Ndipo masana ena, ndikulowa m'tauni ya pachigwa, kagalimoto kakale kobiriwira kanaima pambali panga kakunjenjemera. Mkati munali mayi wokalamba wa magalasi ochindikala, nkhope yake ili pafupi ndi chiwongolero.

"Bambo, kwerani. Dzuwali si lamasewera."

"Inu mukupita kuti, mayi?"

"Kumsika."

"Msika si uwo ukuonekawo?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Kodi inu ndinu wapolisi wa miyendo?"

Ndinaseka, kwa nthawi yoyamba patapita zaka. Iwonso anaseka. Amenewo anali Mayi Chimwaza, mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, amene ankakhala okha m'nyumba ya malemu amuna awo. Ankafuna munthu wosamala pakhomo ndi wotumidwa, ndipo ndinavomera. Zoti ndinali dalaivala sindinawauze.

Anali ndi matenda a shuga ndi mawondo owawa. Adokotala ankawauza kuti aziyenda, iwo n'kumayankha kuti anayenda mokwanira ali mtsikana. Akandituma ndinkapita wapansi ndi dengu, iwo n'kumadandaula kuti ndimachedwa.

"Bwanji mumadana nayo galimoto?" anandifunsa tsiku lina ndikusesa.

"Sindidana nayo, mayi. Ndimangoona kuti utsi wake sutsala ndi wokwera. Umatsala ndi amene wakhala m'mbali mwa msewu."

Anangoti ndasiya masamba pakona.

Chimene chinawatulutsa panja si mawu anga. Ndinkabwera ndi nkhani za m'njira, ndipo tsiku lina ndinati Esinati, wogulitsa masamba pakhomo lolowera mumsika, akupereka moni, akuti munamukwapulapo chifukwa cha masamu.

"Esinati uti? Wamanzere uja?"

"Amapereka masamba ndi dzanja lamanzere, inde."

"Ndadutsa pamenepo zaka zonsezi osamuona?"

"Pagalimoto munthu amaona msewu, mayi."

M'mawa mwake anatenga ambulera ndi ndodo. Tinapumula katatu tisanafike. Esinati atawaona anagwada pakati pa tomato, ali ndi pakati poonekera kale, ndipo Mayi Chimwaza anamufunsa kuti zisanu ndi ziwiri kuchulukitsa ndi zisanu ndi zitatu n'zingati. Anayankha molondola. Msika wonse unaseka.

Kuyambira pamenepo tinkayenda tsiku lililonse, kumsika, kutchalitchi, kukatenga mankhwala. Kupumula katatu kunasanduka kawiri, kenaka kamodzi. Njira yonse inali ana awo a sukulu: wowotcherera zitseko, telala, mayi wa mandasi. Koma pamene miyendo inkalimba, maso awo ankazima. Pasanathe miyezi ingapo sankathanso kuwerenga, ndipo zoyendetsa anasiyiratu. Kagalimoto kanangokhala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira pansi pake, mafuta amene anamwetsa ulendo womaliza ali momwemo.

Kenaka mafuta anasowa m'tauni monse. Mizere ya magalimoto inkayambira pomwetsera mafuta mpaka kumlatho. Anthu ankakhala pamzere masiku atatu n'kubwerera chimanjamanja. Maminibasi anaima. Ife moyo wathu sunasinthe kwenikweni.

M'mawa wina dzuwa litakwera pang'ono, mwamuna wa Esinati, Dafuleni, analowa pageti akuthamanga, malaya ali nyowe ndi thukuta.

"Amayi, thandizeni. Esinati matenda ayamba. Anamwino apachipatala chaching'ono akuti mwana wakhala mopingasa, afunika chipatala chachikulu msangamsanga. Ambulansi ilibe mafuta. Ndayenda nyumba zonse za magalimoto, aliyense tanki ili gwa."

"Yanga ili ndi mafuta," anatero Mayi Chimwaza ataimirira. "Koma ine ngakhale geti sindikuliona. Iwe umatha kuyendetsa?"

"Ayi, amayi."

"Nanga ndani? Thamanga ukaitane aliyense."

"Madalaivala onse ali pamzere kumlatho."

Ndinali nditagwira tsache. Ndinaliyedzamitsa kukhoma.

"Ndipatseni makiyi, mayi."

"Inu?"

"Ndinali dalaivala zaka khumi ndi zinayi."

Anapisa m'thumba la diresi, nandipatsa.

Ndinakhala pampando. Ndinapotoza kiyi, koma batire inali itafa. Dafuleni anakuwa, ndipo anthu oyandikana nafe anatuluka, ambiri amayi, ena ana ali kumsana. Anathamangitsa nkhuku, nakankha galimoto kutuluka pageti mpaka pamtsetse. Ndinaika giya yachiwiri, ndinadikira kuti liwiro likwane, n'kumasula phazi. Kagalimoto kanadumpha, kanatsokomola kawiri, kenaka kanalira. Utsi wakuda unawaphimba amayi aja. Ndinawaona pagalasi akukupiza manja kuti ndizipita.

Esinati tinakamutenga kuchipatala chaching'ono n'kumugoneka kumpando wakumbuyo, mutu uli pamiyendo ya Mayi Chimwaza. Dafuleni anakhala kutsogolo atagwira chitseko ndi manja onse. Chipatala chachikulu chinali kutsidya la mtsinje, kuseri kwa phiri. Mapazi anga anakumbukira zonse okha. Ndinazemba maenje, ndinadutsa mabampu mofatsa, pamalo owongoka ndinaponda moto mpaka chiwongolero chinanjenjemera. Esinati ankabuula, Mayi Chimwaza akumuuza ndi mawu a m'kalasi kuti, "Puma, mwana iwe. Ndati puma."

Titafika anamulowetsa ku opaleshoni. Tinakhala pabenchi, atatu, tikudikira. Dzuwa litangopendeka namwino anatuluka akuvula magolovesi.

"Abale a Esinati? Wachira. Mwana wamkazi. Mukanachedwa pang'ono, tikanalankhula zina."

Dafuleni anakhala pansi pasimenti n'kuphimba nkhope ndi malaya.

Kunja ndinayang'ana muvi wa mafuta. Unali utatsala pang'ono kugona.

"Atsala ochuluka bwanji?" anafunsa Mayi Chimwaza.

"A ulendo umodzi wobwerera, mayi. Umodzi wokha."

"Ndiye si wathu," anatero. "Esinati akamadzatuluka ndi chilonda chimenecho sangakwere njinga. Kiyani galimoto, muwapemphe alonda aiyang'anire. Ife tili ndi miyendo."

"Ndi kutali, mayi. Si kumsika kuno."

"Ndakufunsani?"

Anandigwira mkono, ndodo ili kudzanja linalo, ndipo tinanyamuka. Tinazungulira phiri pang'onopang'ono. Anadya nthochi ziwiri panjira kuti shuga asatsike. Pamlatho tinapeza mzere uja, magalimoto osawerengeka, madalaivala atagona pamwamba pa maboneti, ena akusewera bawo pamthunzi wa lole. Tinayamba kuwapitirira imodziimodzi. Dalaivala wina anadzutsa mutu.

"Amayi, wapansi ndi ukalamba umenewo? Mukupita kuti?"

"Kunyumba, mwanangu," anatero osaima. "Ndikafika iwe usanasunthe."

Tinafika dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Pakhonde anakhala pansi, navula nsapato, naviika mapazi m'beseni la madzi ofunda.

"Mumayendetsa bwino," anatero. "Mabampu sindinawamve."

"Zikomo, mayi."

"Koma musazolowere."

Patapita masiku asanu ndinayenda wapansi kukatenga galimoto, ndipo ndinabweretsa Esinati ndi mwana mpaka pakhomo pawo. Injini inazima yokha ndikulowa pageti lathu. Mwanayo anamutcha Tafika.

M'tauni imeneyo ndinakhalamo nthawi yaitali kuposa kwina kulikonse. Ndinaliko tsiku limene Tafika anasiya kugwira mwendo wa benchi ya masamba, naimirira yekha pakati pa madengu. Mayi Chimwaza anali atakhala pampando chapafupi. Sankamuona, koma anatambasula manja kumene kunkachokera kuseka kwake. Mwanayo anaponya phazi loyamba, lachiwiri, lachitatu, manja ali m'mwamba. Ogula anaima, Esinati atagwira mpiru m'dzanja lamanzere. Paphazi lachisanu anagwa chokhala m'fumbi. Palibe amene anamunyamula. Anatiyang'ana tonse, anagwira pansi ndi manja awiri, anadzuka, nayambanso.